Kababu kofiira katipsera madzulo ano

Kababu kathu ka LED kangoti phethi, kenako zii, kafungo kopserera m'nyumba monse. Mphwanga wa Fomu 3 uja anakalumikiza mwachindunji ku batire ya 9 volts, ati kawale kwambiri. Nkhope yake kugwa ngati wataya ndalama ya fizi!

Ndinamukhazika pansi. Kababu kofiira kamangofuna pafupifupi 2 volts ndi 20 milliamps basi. Nanga 7 volts zotsalazo zipite kuti? Imeneyo ndi ntchito ya resistor, kuchepetsa magetsi oyenda m'waya monga umachepetsera madzi ukapotokola mpopi. Kuti tidziwe resistor yofunika, tinagawa 7 volts zija ndi 0.02 (ndiye 20 milliamps zija tikaziwerenga mu ma amps), yankho 350 ohms, muyezo wa mphamvu ya resistor. Tinaphwasula wailesi yakufa ya agogo, asamve chonde, n'kupezamo resistor ya 470 ohms, ya mizere yachikasu, yapepo ndi yabulawuni. Kababu kachiwiri kakuwala mpaka pano, osatentha.

Chandikhudza n'chakuti mwanayu V = IR, fomula tinagwiritsa ntchito powerengera ija, amaiimba ngati nyimbo, koma resistor anali asanaigwirepo chiyambire sukulu. Wakhala akuitembenuza pachikhatho osakhulupirira. Akuti ankayesa ndi chinthu chachikulu, osati kanthu konga njere ya mpunga aka.