Za chithunzi chija: sindinaledzere, ndinangokanirira mu mbiya

Popeza chithunzi chija chafika mpaka ku gulu la makolo a kusukulu ya mwana wanga, ndipo mlamu wanga wachiika pa Facebook ndi mawu akuti "ngumbi zayamba kutuluka", ndiloleni ndiyankhe kamodzi, nkhaniyi ife. Inde, mutu umene watumphuka pansi uja ndi wanga. Inde, chimene ndagwira m'manjamo ndi nyanga. Ayi, sindinapite kokakhwima. Ndipo inu amene mukufunsa ngati anandikwirira ndi apolisi a ku America, Georgia amene ndinapitako ine si wa ku Atlanta. Ndi dziko palokha, la mapiri okhaokha, lopanikizika pakati pa Russia ndi Turkey, likulu lake Tbilisi. Ndakhala ndikufotokoza zimenezi chigulire tikiti, koma azakhali mpaka lero akudikira nsapato za ku America.

Inandigwiritsa fuwa lamoto ndi miyendo, osati vinyo. Mfundo imeneyi muigwiritse, chifukwa tiifunanso kutsogoloku.

Msonkhano wathu utatha Lachisanu, anatikonzera ulendo wa masiku awiri woona dziko. Loweruka tinayambira ku Mtskheta, likulu lawo lakale, pomwe tchalitchi cha Jvari chakhala pamwamba pa phiri kwa zaka zoposa 1,400, kuyang'ana pansi pamene mitsinje ya Aragvi ndi Mtkvari ikukumana. Kuchoka apo tinaima pa linga la Ananuri, ndipo ine ndinakwera paliponse pamene panali masitepe, ngati ndikufunafuna mbuzi yosochera. Masana tinafika ku Stepantsminda, m'munsi mwa phiri la Kazbek, lotalika kupitirira mamita 5,000, kumutu kwake kuli mbuu ndi chipale ngakhale m'nyengo yotentha.

Pamenepo wotiperekeza uja anatiloza katchalitchi ka Gergeti kali patsonga penipeni, komangidwa m'zaka za m'ma 1300. Anati pali magalimoto okweza anthu kukafika kumeneko. Ndinamufunsa kutalika kwake. Anati mamita 2,170. Ndinaseka chikhakhali. Ndinati achimwene, ine ndine mwana wa ku Mulanje, kwathu Sapitwa ndi mamita 3,002, kameneka kwathu timakatcha chulu. Chimene sindinamuuze ndi chakuti pa phiri la Mulanje malire anga ndi pa Dziwe la Nkhalamba, ndipo naponso ndinapita kukadya nyama yootcha.

Ndinakwera wapansi, nditavala kabudula. Panjira anandipitirira agogo awiri a mipango kumutu, mmodzi akulankhula pa foni. Nditafika pamwamba, lilime lili panja ngati galu wa alenje, anandiimitsa pakhomo: wakabudula salowa m'tchalitchi. Anandipatsa nsalu yoti ndimange m'chiuno. Apa pokha ndiye ndinaonetsa dziko kumene ndinachokera. Azungu ankavutika nayo nsaluyo ngati akukulunga katundu, ine ndinangoizunguliza kamodzi, kupisa nsonga m'chiuno, gwa, ngati mayi wopita ku chigayo. Chithunzi chimenecho chiliponso, koma chili m'manja otetezeka.

Lamulungu m'mawa ntchafu zanga zinali za munthu wina. Kukwera minibasi ndinachita kukweza mwendo ndi manja.

Tsiku limenelo linali la ku Kakheti, kum'mawa kwa dzikolo, kumene kuli minda ya mphesa kuyambira m'mphepete mwa msewu mpaka kumene maso alekezera, m'chigwa cha mtsinje wa Alazani. Tinaona tchalitchi chachikulu cha Alaverdi, cha m'zaka za m'ma 1000, chotalika pafupifupi mamita 50, chozunguliridwa ndi mpanda wamiyala, kumene amonke amafulula okha vinyo. Dzina limeneli, Alaverdi, mulisunge. Kenako tinapita kukadya kwa banja lina kufupi ndi Telavi.

Abale, ife timati timadziwa kulandira alendo, koma anthu aja ndi ena. Phwando lawo amalitcha supra. Mbale amaziunjika pamwamba pa zinzake chifukwa tebulo laperewera. Panali khachapuri, buledi wa tchizi m'kati. Panali nyama yootcha pa mitengo ya mphesa. Ndiye panali khinkali, timatumba ta ufa wa tirigu tokhala ndi nyama ndi msuzi m'kati. Umagwira kamchombo kake, kuluma pang'ono, kuyamwa msuzi, kenako kudya, koma kamchomboko sudya, umakasiya m'mbale. Ine ndinaganiza kuti ndi ulemu chabe. Kumeneko ndiye kuwerengera kwake. Pamene ndinkazindikira, m'mbale mwanga munali timichombo 14, tili ndandanda ngati mboni za boma.

Ndinafunanso kuonetsa kuti ndinaleredwa. Ndinaphunzira kuti zikomo ndi "madloba". Mayi wa pakhomopo atandiwonjezera chakudya, ndinawomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti, "Madloba, mama." Tebulo lonse linatembenukira kwa mdala wa ndevu zoyera amene anakhala kumutu kwa tebulo. M'chinenero chawo "mama" ndi bambo. Mayi ndi "deda". Dziko lotani limene amama ali ndi ndevu? Mdalayo anangogwedeza mutu, kulandira zikomo wa chakudya chimene sanaphike, monga achitira madala kulikonse.

Mdala yemweyo ndiye anali tamada, mwini mawu pa phwando. Kumeneko sumangomwa poti wamva ludzu. Tamada amaimirira, n'kulankhula za mtendere, za dziko, za makolo, za amene anatisiya, za ana, mutu uliwonse ndi ulaliki wakewake, ndipo akamaliza onse amati "gaumarjos!" n'kumwa. Vinyo wake ndi wa mphesa zoyera za rkatsiteli, koma maonekedwe ake ngati tiyi wa ku Thyolo wopanda mkaka, chifukwa amamufululira limodzi ndi makoko ndi njere zomwe. Ine ndinkangonyowetsa milomo. Mboni zilipo.

Atafika pa mutu wa alendo, mdala uja anandiyang'ana, n'kukweza dzanja, n'kunena mokweza kuti, "Alaverdi!" Ine ndinati kodi tikubwereranso ku tchalitchi chija? Mwina wina waiwalako chikwama. Ndinaimirira movutika, kutenga jekete, kuyamba kulowera ku minibasi. Anandigwira malaya. Pa supra, tamada akati "alaverdi" kwa iwe, ndiye kuti wakupatsira mawu, upitirize ndiwe. Ndipo popatsira mawuwo anandipatsiranso nyanga.

Nyanga yeniyeni, yopindika, yokongoletsedwa ndi siliva kukamwa kwake, dzina lake kantsi, yodzaza mpaka m'milomo. Vuto la nyanga, anzanga, ndi loti ilibe matako. Chikho umatha kuchikhazika pansi n'kunamizira kuti ukumvetsera nkhani. Nyanga ukaikhazika imagwa, vinyo n'kutayika, ndiye suisiya mpaka itauma. Amene anaipanga anaganiza mofatsa za anthu ngati ine. Ndinalankhula ngati mwini mbumba pa chinkhoswe, kuthokoza a kuchimuna ndi a kuchikazi omwe, kenako ndinatseka maso n'kugugudiza. Imodzi yokha. Yachiwiri inali ya amayi, ndipo munthu woleredwa sakana za amayi. Kagalasi ka chacha kamene kanabwera pambuyo sindikawerengera, chifukwa kanali kakang'ono ngati chotsekera botolo. Chacha amatcheza kuchokera ku zotsalira za mphesa, ndipo ndinangomununkhiza kamodzi n'kumuzindikira: ndi kachasu amene anapita kusukulu.

Titadya anatitengera ku marani, nyumba yofululiramo vinyo. Mulibe migolo. Pansi pali mabowo ozungulira, ndipo pansi pa bowo lililonse pali mbiya yadothi yokwiriridwa mpaka m'khosi, yooneka ngati dzira, dzina lake qvevri. Zina zimalowa malita oposa 1,000. Mwana wa mdala uja anafotokoza kuti amathiramo mphesa zofinya, zikawira amatseka pakamwa, n'kudzatsegula patapita miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, nthaka ndiyo imasunga kuzizira kwake. Anati dziko lawo lakhala likufulula vinyo kwa zaka 8,000, ndipo mu 2013 a UNESCO anaika kafululidwe ka mu qvevri pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Zokolola zinali pafupi, ndiye mbiya zina zinali zopanda kanthu. Anatiloza imodzi monyadira, nati bambo ake atha masiku akuikwecha, chifukwa kutsuka kwake munthu amachita kulowamo ndi makwerero.

Ine ndinawerama kuti ndione m'kati. Ndinamva chinthu chikuchoka m'thumba la malaya, n'kukagwera pansi, phu. Ndinagwira pachifuwa: foni palibe. Foni ya ngongole, abale, yotsala miyezi inayi.

Anzanga anali atatsogola kukaona choponderamo mphesa. Ndinaganiza kuti m'malo movutitsa eni ake, ndingotsika mwakachetechete, nditole, ndituluke. Si mdala wa zaka zoposa zanga amalowamo? Ndinakhala m'mphepete, kulowetsa miyendo, kukweza manja m'mwamba, n'kutsetsereka. Kulowa kunali kosavuta moti ndinadziyamikira.

M'kati munali mdima, mozizira bwino, monunkhira phula la njuchi limene amamata m'makoma. Ndinapapasa pansi, ndinachipeza chinthu chija. Sinali foni. Inali churchkhela, chiswiti chawo cha mtedza wa walnut wotungidwa pa ulusi n'kuviikidwa mu phala la madzi a mphesa, chooneka ngati kandulo, chimene ndinagula m'mawa pamsewu kuti ndikapatse ana.

Ndinayang'ana kumwamba. Kabowo kaja kanali kutali ngati mwezi. Pansi pa qvevri ndi posongoka, popanda poponda, makoma ake ndi oterera, opindikira m'kati. Ndinalumpha n'kugwira m'mphepete, ndinati tsopano miyendo indikankhe. Miyendo inati ife tinatsala ku Gergeti. Ndinayesa katatu. Kachinayi ndinakhala pansi, mawondo kuchibwano ngati mwana wosabadwa, n'kudya churchkhela uja, poganiza kuti munthu saganiza bwino ndi mantha okhaokha.

Kenako ndinamva mawu akutalikira, chitseko chikulira. Apa ulemu unatha. Ndinakuwa kuti, "Amama ineee!" Mbiya ija inalandira mawuwo, kuwakulitsa, n'kuwatulutsa ngati ng'ombe yolira m'chitsime. Kunja kunati zii. Mapazi anayandikira. Pa kabowo paja panatulukira nkhope ya ndevu zoyera. Ndinaitana amama, ndipo amama anabweradi.

Sanakalipe. Anayang'ana ine, anayang'ana nsapato zanga zimene zinaponda fumbi la matchalitchi atatu ndi khola limodzi, anayang'ana makoma a mbiya yake yotsukatsuka ija, n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda pang'onopang'ono. Kukalipa kukanakhala bwino.

Anabweretsa makwerero. Ndinakwera, mutu unatuluka, dzanja limodzi linatuluka, phewa linatuluka, basi. Polowa ndinali wowongoka ngati nsungwi ndipo thupi linkatsika lokha. Potuluka, makwerero anadya malo awo, malaya anakwinyikira m'chiuno, ndipo khinkali 14 zija zinakhala pamsonkhano pakhosi pa mbiya n'kugwirizana kuti sizituluka. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Anyamata awiri anandikoka mpaka msana unalira ngati nzimbe. Mnzathu wa ku Zambia, m'malo mothandiza, anagwada pafupi ndi khutu langa n'kundifunsa kuti, "Mudala, tikauze ndani kunyumba?"

Ndiye pamene mdala uja anachita chinthu chimene sindidzachimvetsa mpaka kufa. Anaona kuti anthu onse asonkhana, mlendo ali pakati, palibe amene akupita kulikonse. Kwa tamada, imeneyo ndi supra. Anatuma mwana kukatenga nyanga. Anaimirira pamutu panga n'kulankhula mphindi zingapo, dzanja pamtima, wotiperekeza akumasulira uku akupukuta misozi: akuti mu mbiya imeneyi mwatuluka vinyo wabwino zaka zambiri, koma sinabalepo munthu. "Gaumarjos!" Amuna atatu anayamba nyimbo yawo ija ya mawu atatu, yolemera ngati ya pamaliro a mfumu, ine ndili pakati pawo ngati chitsa. Anandipatsa nyanga m'dzanja lokhalo limene linali kunja. Ndikanaikhazika pati? Ndifunseni, ndikanaikhazika pati? Mphindi imeneyo ndiyo mukuiona pa chithunzipo, ndipo maso ofiirawo ndi a fumbi.

Anandipulumutsa ndi deda. Anabwera ndi botolo la mafuta a mpendadzuwa, anakankha amuna onse, anandiuza ndi manja kuti ndibwerere pansi, ndimasule lamba, ndikweze manja onse awiri. Anachotsa makwerero, anandipaka mafuta m'nthiti ngati nkhuku ya Khirisimasi, anati nditulutse mpweya wonse. Anakoka kamodzi. Ndinatuluka ndi kaphokoso kamene sindingathe kukalemba. Buluku linatsalira m'kati.

Za amene anajambula, musamunamizire wa ku Zambia yekha. Anajambuladi ndi iye, koma ndi foni yanga, imene nthawi yonseyi inali pa tebulo pafupi ndi timichombo tija. Ndipo amene anachitumiza ku gulu la banja usiku umenewo ndi ine ndemwe, ndikufuna kutumiza cha ku Gergeti chooneka phiri kumbuyo. Zala zinali ndi mafuta.

Ndinapempha kuti ndithandize kutsukanso mbiyayo. Banja lonse linakana mogwirizana, mofulumira kwambiri. Buluku analivuula ndi ndodo, koma linanyowa mafuta moti ndinalisiya ku hotela. Mayi a kunyumba sakufunsa za nyanga, sakufunsa za vinyo. Akungofuna kudziwa kuti buluku la suti ya ukwati lili kuti, ndipo nkhani ya mbiyayi akuti ndiyesenso ina.