Meseji si ndalama: mmene akuba a pa foni amagwirira ntchito

Akuba ndalama za pa Airtel Money ndi Mpamba nthawi zambiri salimbana ndi makina a kampani. Amalimbana ndi munthu amene ali pa changu, ngati ejenti wa pa depoti ya Zomba, ku Chinamwali kapena pa Thondwe tsiku la msika, anthu atandanda pamzere.

Meseji aliyense akhoza kulemba. Wakuba amakopera meseji yeniyeni yolandirira ndalama, n'kusintha dzina ndi kuchuluka kwa ndalamazo, kenaka n'kukutumizirani. Posakhalitsa foni imalira, munthu akudandaula kuti ndalama za maliro zalowa molakwika kwa inu, mumubwezere. Mukabweza, mwatumiza zanu.

Meseji yeniyeni imabwera ndi dzina la kampani, osati nambala wamba yoyamba ndi 099 kapena 088. Koma apa pali msampha umene umagwira ngakhale ejenti wochenjera. Munthu amapempha foni yanu kuti alembe yekha nambala yotumizako ndalama, ndipo m'kanthawi kochepako amasunga nambala yake m'foni mwanumo ndi dzina la kampani. Mawa lake meseji yake ikafika, pamwamba pamaoneka dzina lodalirika lija. Dinani pa dzinalo. Mukapeza nambala ya foni kuseri kwake, meseji ndi yabodza. Foni ya bizinesi isamachoke m'manja mwanu, ngakhale kasitomala atavala taye.

Umboni weniweni ndi balansi. Imbani *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM, muone nokha ngati ndalama zawonjezereka musanapereke kanthu. Yankho la pamenepo limachokera ku kompyuta ya kampani molunjika, silidutsa m'manja mwa munthu wina. Netiweki ikamavuta, kasitomala adikire. Amene akukakamiza kuti achedwa minibasi ya ku Liwonde, ameneyo ndiye wofunika kumudikiritsa kwambiri.

PIN musaitchule kwa aliyense, ngakhale woimbayo akudziwa dzina lanu lonse ndipo akuti ndi wa ku kampani. Dzina si chinsinsi: aliyense woyamba kukutumizirani ndalama amaliona asanamalize. Musaike chaka chobadwa ngati PIN, chifukwa chili pa chiphaso chanu cha unzika, chimene mwachisiya kale m'mafotokope ambirimbiri. Manambala 6 amene WhatsApp imatumiza pa meseji nawonso ndi kiyi. Mukauza munthu, akaunti yapita, ndipo madzulo omwewo abale anu ndi a m'gulu la mpingo ayamba kupemphedwa ndalama m'dzina lanu. Tsegulani two-step verification pa WhatsApp lero, chitetezo chowonjezera chimene chimavuta kuti wina alowe mu akaunti yanu ndi manambala 6 aja okha.

Chinyengo choopsa kuposa zonsezi ndi cha kusinthitsa simu. Wakuba amapezetsa simu yatsopano pa nambala yanu ponamizira kuti ndi inuyo, ndipo yanu imafa nthawi yomweyo. Chizindikiro chake n'chakuti foni yanu yokha ilibe netiweki pamene anzanu a kampani yomweyo akuimba bwinobwino. Zimitsani, yatsaninso. Zikapitirira, musagone: pitani ku shopu ya kampani ndi chiphaso, ndipo banki itseke kaye zotumiza ndalama pa foni, poti manambala otsimikizira a banki tsopano akupita kwa wakubayo.

Kuyambira 2018 MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mawayilesi, idalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe. Komabe akuba sanathe, chifukwa pali anthu amene amabwereketsa chiphaso kuti wina alembetsere simu, ena mpaka polandira kandalama kochepa. Simu imeneyo ikabera munthu, dzina limene apolisi adzayambe kulipeza ndi la mwini chiphaso.

Mukaberedwa, musafufute kanthu. Sungani meseji, nambala ya woimbayo, nthawi ndi nambala ya transakishoni, imbirani kampani msanga ndalama zisanatapidwe, kenaka kanenani ku polisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lilipo, koma limafuna umboni. Lembaninso pambali IMEI ya foni yanu, manambala 15 amene amatuluka mukaimba *#06#, chifukwa foni ikabedwa apolisi adzaifunsa.