Kusaka chiwerengero cha mudzi umodzi ku Rajasthan

Lipoti ndapereka, mtima wakhala pansi tsopano. Aphunzitsi athu kuno ku Jaipur, likulu la chigawo cha Rajasthan ku India, anatigawira aliyense mudzi wake kuti tilembe kuchuluka kwa anthu, kukula kwa malo ndi mayendedwe okafikira kumeneko. Ine unandigwera wa m'boma la Ajmer.

Amene mudzapatsidwe ntchito yotereyi, gwirani nambala ya mudzi, osati dzina lokha. Pa kalembera wa 2011 mudzi uliwonse unapatsidwa nambala yakeyake, pomwe mayina amangobwerezeka. Midzi yotchedwa Rampura ndi yosawerengeka ku Rajasthan.

Buku lofunika ndi la kalembera la boma lililonse, lotchedwa District Census Handbook, laulere pa intaneti. Gawo loyamba limanena mahekitala a mudzi, ngati basi imafikako, ngati pali siteshoni ya sitima, ngati msewu ndi wa phula kapena wa fumbi. Chinthu chikasowa m'mudzimo amalemba kalembo: a ndiye kuti chili pafupi osakwana makilomita 5, b pakati pa 5 ndi 10, c kupitirira 10. Gawo lachiwiri ndi la anthu, amuna, akazi, odziwa kulemba. Vuto lake manambalawo ndi a 2011, poti kalembera wa 2021 anaimitsidwa chifukwa cha Covid-19. N'chifukwa chake aphunzitsi anafuna chidindo cha kumudziko.

Apa ndi pamene panandipsetsa mtima. Mabuku a malo amasunga ndi mkulu wotchedwa patwari, ndipo munthu mmodzi amayang'anira midzi ingapo. Ndinadzuka kusanache, basi, kenako matola a jipi titapanikizana ndi zitini za mkaka, kukafika n'kupeza loko pachitseko. Wogulitsa tiyi pafupi anandiuza ndi manja kuti bwana apita kukayendera mbewu m'minda, abwera posachedwa. Ndinakhala pabenchi dzuwa likuswa mtengo, tiyi wothira jinja ndikungomwa, mpaka mbuzi zinabwerako kubusa. Sanabwere. Tsiku lina nditawapeza, sanatsegule n'komwe buku. Akuti kalata ya kusukulu ilibe chidindo, ndikayambire ku ofesi ya tehsil, imene imayang'anira ma patwari a m'deralo. Kumenekonso anandibweza kwa iwo omwewo! Tsiku lathunthu, ndalama ya basi, zonse kungomwazika chifukwa cha kachidindo kamodzi. Dinditsani kalata yanu musananyamuke, ndipo tengani nambala ya foni ya patwari kwa sarpanch, amene ndi mtsogoleri wa mudzi wochita kusankhidwa pavoti. Patwariyo muimbireni dzulo lake.

Ndaiwala kunena, anthu akumudzi sayeza malo m'mahekitala. Amanena bigha, ndipo bigha imasiyana kukula malinga ndi dera. Funsani kuti yawoyo ndi iti musanayambe masamu, apo ayi mudzi wanu ukula kapena uchepa papepala. Tsamba la pa intaneti la boma lotchedwa Apna Khata limaonetsa minda ya munthu mmodzimmodzi, ndiye kukula kwa mudzi wonse dalirani buku la kalembera lija.

Za mayendedwe musangokopera. Buku linati basi ilipo, koma imakutsitsirani pamphambano ya msewu waukulu. Phula lofika pakati pa mudzi ndi la ndondomeko ya misewu ya kumidzi yotchedwa Pradhan Mantri Gram Sadak Yojana, imene inayamba mu 2000. Kupitirira pamenepo kuli timidzi ting'onoting'ono totchedwa dhani, anthu ake amawerengedwa m'mudzi womwewo koma njira yake ndi mchenga wokhawokha. Mayi wina anandionetsa mpaka pamene njinga yamoto imatitimira. Zimenezo m'buku mulibe, ndipo ndi zimene aphunzitsi anazikonda kwambiri.

Funsaninso nthawi ya basi yomaliza mukangotsika, chifukwa kukada matola amakwera mtengo. Ndipo nambala ya mudzi ija ilembeni pamwamba pa kalata iliyonse, ngakhale ya kwa sarpanch.