Pamene apt yaima pakati pa ntchito pa PinePhone

Aliyense amene amagwiritsa ntchito Mobian, mtundu wa Linux woyendetsa mafoni, pa PinePhone, foni imene kampani ya Pine64 inayamba kugulitsa mu 2020, ayenera kudziwa chochita pamene ntchito yoika mapulogalamu atsopano yadukira pakati. Kawirikawiri chimene chimachititsa ndi chakuti foniyi imagona yokha pofuna kusunga batire, ndipo ikagona Wi-Fi imaduka, kotero kuti munthu amene amalamula apt, pulogalamu yoikira mapulogalamu ena, kuchokera pa kompyuta kudzera pa SSH, njira yolamulira foni uli patali, amapeza kuti ntchito yafera m'njira.

Mobian ndi nthambi ya Debian, mtundu wina wa Linux, choncho ntchito yeniyeni imagwiridwa ndi dpkg, imene imayamba ndi kumasula mafayilo a phukusi lililonse la pulogalamu, kenaka n'kulikonza kuti ligwire ntchito, uku ikulemba pamene yafika mu /var/lib/dpkg/status. Ikadukizidwa, maphukusi ena amatsala omasulidwa koma osakonzedwa, ndipo apt imakana kupitiriza mpaka mutalemba `sudo dpkg --configure -a`. Lamuloli limamaliza zimene zinatsala. Ngati phukusi lina likusowabe anzake amene limadalira, `sudo apt --fix-broken install` imakawatenga, ndipo `dpkg --audit` imaonetsa ngati patsala kanthu.

Chimene ndimachenjeza kwambiri ndi kuzimitsa foni musanachite zimenezi. Anthufe tinazolowera kuti foni ikavuta timaizimitsa n'kuiyatsanso, koma apa chizolowezicho n'choopsa, makamaka ngati kernel, mtima wa Linux, inali pakati pa maphukusi amene amasinthidwa, chifukwa initramfs, fayilo imene foni imafuna poyaka, ikhoza kukhala yosamalizidwa ndipo foni siidzayakanso. Malinga ngati terminal, polembera malamulo paja, ikutseguka, vuto likadali laling'ono. Sindigwirizananso ndi malangizo ofala akuti mufufute fayilo ya /var/lib/dpkg/lock-frontend mukangoona uthenga wa apt wonena za loko. Loko ameneyu amatanthauza kuti pulogalamu ina ikugwirabe ntchito, mwina apt yoyamba ija, ndiye yambani mwayang'ana ndi `ps aux` n'kuidikira, chifukwa ma dpkg awiri olemba pamalo amodzi amawononga kuposa kudukiza komwe kuja.

Ngati foni yakana kale kuyaka, chimene chimathandiza n'chakuti PinePhone imayamba kuwerenga kadi ya microSD isanafike ku eMMC, malo osungira zinthu a mkati mwa foni. Mukaika pulogalamu yotchedwa Jumpdrive pa kadiyo n'kulumikiza chingwe cha USB, kompyuta imaona zamkati mwa foni ngati diski wamba, ndipo mukhoza kukopa mafayilo anu musanayese kukonza kapena kuikanso Mobian.

Popewa vutoli, ine ndimalumikiza chaja kaye, n'kutsegula pulogalamu ya tmux pa foniyo kuti ntchito isafe SSH ikaduka, kenaka n'kulemba `sudo systemd-inhibit apt upgrade`, lamulo limene limaletsa foni kugona mpaka apt itamaliza. Amene ali ndi postmarketOS, mtundu wina wa Linux wa pa foni, adziwe kuti kumeneko kulibe dpkg. Amagwiritsa ntchito apk ya Alpine Linux, ndipo lamulo loyambira pokonza ndi `sudo apk fix`.