Lipoti la ulendo wa alimi a mbatata a ku Tsangano wokacheza ndi anzawo a ku Angónia

Komiti ya gulu lathu la alimi a mbatata ya kachewere kuno ku Tsangano inandituma kuti ndilembe lipoti ili, kuti mamembala amene sanapite nawo adziwe zimene tinakaona ndi kumva ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Tinapita anthu khumi ndi anayi, amayi asanu ndi atatu ndi abambo asanu ndi mmodzi, ndipo tinakhalako masiku atatu m'mwezi wa Julayi, chisanu chili pachimake. Ndalama za ulendo zinachokera m'thumba la gulu ndi m'zopereka za aliyense amene anapita. Funso limene tinanyamuka nalo ndi lomwe lakhala likutizunguza pa misonkhano yathu kwa zaka zingapo: n'chifukwa chiyani ife ndi alimi a tsidya linalo, amene timalima mbewu imodzi pa dothi limodzi, timangokumana pamsika ngati adani, wina akatsitsa mtengo mnzake n'kumalira?

Aliyense wa kuno akudziwa kuti kupita ku Mozambique sikulira galimoto. Pa Lizulu ndi malo ena ambiri pakati pa Ntcheu ndi Dedza, msewu wa M1 ndiwo malire, ndipo timadumpha msewuwo popita kumaliro, kuchinkhoswe ngakhale kuchigayo popanda wotifunsa. Koma amayi apampando anakanitsitsa kuti tidzere njira zachidule. Anati popeza tikupita m'dzina la gulu, ndipo chimene tikufuna m'tsogolomu n'kugulitsa katundu wathu poyera, tiyenera kukadutsa pachipata cha Dedza zikalata zili m'manja, kuti tione ndi maso athu njira imene thumba la mbatata liyenera kuyendamo. Ena anang'ung'udza chifukwa cha mtengo wa minibasi, koma ine ndikuona kuti theka la zimene taphunzira pa ulendowu tinaziphunzirira pachipata pomwepo.

Malire amenewa anawadula Angelezi ndi Apwitikizi pa pangano lawo la 1891, osafunsa eni nthaka. Nthawi imeneyo Angoni a kwa Maseko anali atakhazikika kale m'dera la phiri la Domwe, lomwe lero lili ku Angónia, ndipo dzina loti Angónia likuchokera kwa Angoni omwewo. Mfumu yawo Gomani Chikuse inaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, ndipo likulu la Inkosi ya Makosi Gomani lero lili mbali ya kuno, ku Lizulu, pamene manda a makolo ambiri anatsala mbali inayo. Bambo wina wa m'gulu lathu, mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndiye anatifotokozera zimenezi tili m'minibasi, akuloza midzi ya mbali zonse ziwiri za msewu.

Pachipata cha Dedza tinapeza magalimoto akuluakulu atandandalika, ena a mafuta, ena a feteleza, ambiri ochokera ku doko la Beira. Nyumba za pachipata n'zatsopano ndi zooneka bwino, ndipo ife sitinachedwe kudinditsa zikalata chifukwa tinalibe katundu wamalonda. Chimene chinatikhudza mtima chinachitika posintha ndalama. Amayi asungichuma anayala chitenje pa mawondo, n'kutulutsa mpukutu wa ma K5,000 womanga ndi labala, ndalama zimene tinasonkha kwa miyezi itatu, ndipo atazisintha anabwerera ndi timapepala ta metikali, ndalama ya ku Mozambique, towerengeka toti tinakwana m'kachikwama ka foni. Anaziwerenga kawiri, kenaka anangoti, "Abale anga, ndi zomwezi." Tonse tikukumbukira kuti kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma kumva pawailesi n'kosiyana ndi kuona thukuta la anthu likuchepera m'manja mwako. Kuyambira pa Calómuè, chipata cha mbali ya Mozambique, mpaka ku tawuni ya Ulónguè, komwe ife timangoti ku Vila, munthu aliyense m'galimoto anali kuwerengera m'mutu mtengo wa feteleza.

Anzathu anatilandirira m'mudzi wina kunja pang'ono kwa Vila, ndipo womasulira sanafunike, pakuti chilankhulo chathu n'chimodzi kupatula mawu a Chipwitikizi amene iwo amaponyamo pa manambala ndi pa masiku. Titapereka ulemu kwa amfumu, anaimirira agogo ena aamuna amene anapempha kuti alankhule tisanadye. Anati iwo anakhala ku Ntcheu zaka zisanu ndi ziwiri pothawa nkhondo ya pakati pa boma la FRELIMO ndi gulu loukira la RENAMO, ndipo anatchula mudzi umene anafikira, chitsime chimene ankatunga, ndi dimba limene mfumu ya kumeneko inawabwereka. Mmodzi mwa amayi athu anaika dzanja pakamwa, chifukwa mudzi umenewo ndi wakuchikazi kwawo. Agogowo anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, chibale ndi fupa, sichiola. Ukafika ukawauze amalume ako kuti uja munam'patsa khasu akadali moyo." Achinyamata amene anabadwa nkhondo itatha ayenera kudziwa kuti dziko lino linasunga anthu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo Dedza ndi Ntcheu anali ena mwa maboma amene analandira ambiri, mpaka pamene pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ayeneranso kudziwa kuti boma la Malawi ndi boma la Mozambique sankaonana ndi diso labwino nthawi imeneyo, moti mu Seputembala 1986 a Samora Machel a ku Mozambique, a Kenneth Kaunda a ku Zambia ndi a Robert Mugabe a ku Zimbabwe anabwera ku Blantyre kudzakumana ndi a Kamuzu Banda, powaganizira kuti akuthandiza RENAMO. Pamene akuluakuluwo ankalozana zala, anthu wamba a m'malire ankagawana ufa ndi mchere.

Tsiku lachiwiri tinalithera m'madimba. Pa kalimidwe sitinasiyane kwenikweni, ngakhale kuti minda yawo ndi yotakasuka kuposa yathu, ndipo ambiri amathirira ndi mapampu a injini. Tinaona nyumba yosungiramo mbewu, yofolera ndi udzu, ya makoma a nsungwi zotalikirana kuti mphepo ndi kuwala pang'ono zizilowa, mbatata itayalidwa pa mathandala osaunjikana. Mbewu yosungidwa motere imatulutsa timaso tatifupi, tonenepa ndi tobiriwira, tosathothoka ponyamula, kusiyana ndi timaso tatitali totuwa timene timapeza ifeyo tikasunga mbewu m'matumba kuchipinda kwamdima. Alangizi a zaulimi akhala akutiuza zimenezi, koma taziona zikugwira ntchito, ndipo sizilira ndalama zambiri.

Nkhani itafika pa msika, tinazindikira kuti amene timawayesa adani athu akulira maliro omwe tikulira ife. Nawonso mavenda amawafikira m'munda ndi matumba osokerera, aja amawonjezera nsalu kukamwa mpaka thumba limodzi n'kumeza mbatata ya matumba awiri, koma mtengo n'kukhala wa thumba limodzi. Mayi wina anatisonyeza thumba lotero limene wogula anasiya, ndipo ataliimika linamufika m'khosi. Anatiuzanso kuti venda yemweyo akakhala kwa iwo amati ku Malawi mbatata yatchipa, ndipo ife tinawayankha kuti akafika kwathu amati ku Mozambique yatchipa. Panakhala kachetechete, kenaka anthu anayamba kufunsana mitengo ya mwezi ndi mwezi ya chaka chatha. Apa ndi pamene funso limene tinanyamuka nalo linayankhidwa: malire amene satiletsa kupita kumaliro akhala akutiletsa kuuzana mitengo, ndipo wopindula ndi amene ali ndi galimoto ndi foni ya mbali zonse ziwiri. Kusiyana kumene kulipo n'kwakuti iwo ali ndi ogula ochokera ku Tete ndi ku Beira amene amalipira metikali, n'chifukwa chake ambiri sakufunanso kwacha, ndipo anyamata athu ndi amene tsopano akuwoloka kukagwira ganyu m'minda yawo. Zinandiwawa kukumana ndi mnyamata wa m'mudzi woyandikana ndi wathu akukumba mbatata kumeneko, pamene munda wa bambo ake wagona chifukwa chosowa feteleza.

Madzulo a tsikulo tinakhala mozungulira moto, ndipo aphunzitsi aja anatambasula za mapangano a malonda amene timangowamva pawailesi. Malawi ndi Mozambique onse ali m'bungwe la SADC, lomwe linayamba ngati SADCC ku Lusaka mu 1980 n'kusintha dzina ku Windhoek mu 1992, ndipo mu 2008 linakhazikitsa dera la malonda ochotseredwa msonkho. Malawi alinso mu COMESA, koma Mozambique inatulukamo mu 1997. Bungwe la COMESA lili ndi njira yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, yoti munthu wa katundu wochepa amene ali pa mndandanda wogwirizana amadzaza fomu yachidule n'kudutsa popanda msonkho wa kasitomu, ndipo amalonda a ku Mchinji amaigwiritsa ntchito pa malire athu ndi Zambia. Pa anthu onse amene tinali pamotopo, a kuno ndi a kumeneko, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anathandizidwapo mwa njira yotero. Palinso pangano lalikulu la malonda a mu Africa yense, limene linasainidwa ku Kigali mu Malichi 2018, malonda ake n'kutsegulidwa pa 1 Januwale 2021, ndipo likulu lake lili ku Accra. Sindikupeputsa mapangano amenewa, pakuti ndi abwino ndipo anthu anawavutikira. Koma ndikunena mosabisa kuti pangano limene mayi wa matumba khumi sangaligwiritse ntchito pachipata cha Biriwiri kapena cha Dedza silinafike kwa ife, ndipo aphungu athu ayenera kumva zimenezi kuchokera pakamwa pathu.

Anzathu anakambanso za zipolowe zimene zinatsatira chisankho chawo cha pa 9 Okutobala 2024, pamene otsatira a Venâncio Mondlane anakana zotsatira zimene zinapereka upulezidenti kwa a Daniel Chapo. Sanafune kulowa m'ndale za zipani, ndipo ifenso monga alendo sitinawafunse. Anangoti misewu ya kumizinda itatsekeka ogula anasowa ndipo mbatata inawolera m'minda. Ife tinawauza kuti masabata omwewo mafuta, amene anali akusowa kale chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zakunja, anavutiratu, ndipo mtengo wonyamulira katundu kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre unakwera. Dziko lopanda doko ngati lathu limapumira m'mphuno za mnansi wake. Mafuta ndi feteleza zimadzera ku Beira ndi ku Nacala, ndipo mawaya a magetsi olumikiza maiko awiriwa ndi ochokera ku Matambo ku Tete kufika pa Phombeya ku Balaka. Munthu amene amati nkhani za maiko akunja n'za anthu a mataye ku Capital Hill sanaonepo mbatata yake ikununkha pamsewu podikira galimoto.

Ndiyenera kulemba za kusagwirizana kumene kunabuka pakati pathu m'mawa wa tsiku lobwerera, chifukwa mamembala ena amva kale mbali imodzi yokha. Anzathu anatikonzera mphatso ya matumba awiri a mbewu yochokera m'nyumba ija. Ena mwa ife anati tiilandire ndipo tikaidutsitse njira yachidule, popeza kukana mphatso ya m'bale n'chipongwe ndipo mbewuyo inali yosiririka. Ena tinati mbewu yodutsa malire imafuna chikalata cha a zaulimi chotsimikiza kuti ilibe matenda, ndipo lamulo limeneli si longovutitsa anthu, pakuti matenda ofotetsa mbatata amayenda ndi mbewu ndipo akalowa m'munda amakhala m'dothi zaka. Tinakangana kuseri kwa nyumba kwa nthawi yaitali, mawu ena olemera n'kutuluka. Pomaliza amayi apampando anapita kukagwada pamaso pa amfumu n'kunena kuti, "Zikomo mfumu, mphatso talandira ndi manja awiri, koma tikupempha kuti mutisungire mpaka titabwera ndi chikalata." Amfumu anavomera, ndipo matumbawo anawalemba dzina la gulu lathu ndi makala n'kuwaika pa thandala lapamwamba. Ine ndinali mbali ya okana kuzembetsa, ndipo sindinasinthe maganizo, ngakhale ndikumvetsa ululu wa amene anaona mbewu yabwino ikutsala pamene kwawo alibe.

Tisanakwere galimoto tinagwirizana ndi anzathuwo zinthu zimene msonkhano wa mamembala onse uyenera kuvomereza kapena kukana. Alembi a magulu awiriwa anapatsana manambala ndipo azitumizirana mitengo pa WhatsApp Lolemba lililonse m'nyengo yokolola. Magulu onse awiri ayesa kukana matumba osokerera n'kumagulitsa pa sikelo, ngakhale tikudziwa kuti izi zidzatheka pokhapokha alimi amene sali m'magulu atagwirizana nafe, ndipo pamenepa tidzafunika thandizo la mafumu. Komiti ipita ku ofesi ya zaulimi kukafunsa ndondomeko ya chikalata cha mbewu ija nthawi yobzala isanakwane, ndipo ilembanso kalata kwa phungu wa dera lathu yokhudza amalonda ang'onoang'ono a m'malire. Abambo atatu adzipereka kale kudula nsungwi zomangira nyumba ya mbewu pa malo amene anyakwawa atipatse.

Anzathu a ku Angónia akubwera kudzabweza ulendowu pa nyengo ya mwambo wa Angoni wa Umhlangano ku Nkolimbo, ndipo agogo aja anena kuti akakhala ndi mphamvu adzabwera nawo kuti adzaone dimba limene ankalima. Tikuyembekezera alendo osachepera khumi ndi asanu, choncho membala aliyense akupemphedwa kubweretsa ufa ndi nyemba kwa amayi asungichuma pa msonkhano wa mwezi uno, ndipo amene ali ndi malo ogona alendo alembetse kwa ine tsiku lomwelo.