Ampulifaya ya bambo yalira lero

Mawu aja a mphwanga, mwana wa mlongo wanga, akundizungulirabe m'mutu, tulo sitikubwera, ndiye ndangoti ndilembe.

Anabwera masana kudzandithandiza kulumikiza ampulifaya ya malemu bambo, ija bambowo anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndi kachipangizo ka Bluetooth kamene ndinagula ku Limbe. Masipika ake ndi omwe aja awiri amatabwa, olemera ngati thumba la chimanga. Titayatsa, nyimbo inatuluka yopyapyala, besi kulibiretu. Iye osaganiza kawiri: "Amalume, izi zinatha ntchito. Mungogula soundbar," kutanthauza sipika yamakono yaitali yoyika pansi pa TV.

Zinandibaya. Ndinagwada kuseri kwa kabati ndi tochi ya foni, n'kupeza kuti pa sipika ya kumanzere waya wofiira taulowetsa pakuda. Zikatero sipika imodzi imakankha mpweya inzake ikukoka, ndiye besi imafafanizana yokhayokha. Nditasinthanitsa mawayawo, ng'oma inagunda mpaka magalasi a kabati kunjenjemera. Anangoti "eeh," maso ali pa foni.

Kenako tinakangana za voliyumu, ndipo apa ndiye tinatenga nthawi. Iye amatsitsa pa foni n'kupotokola chokwezera cha ampulifaya mpaka kumapeto. Ndinamuuza ayimitse nyimbo amvetsere. Masipika ankangoti shiiii. Phokoso limenelo limakwezedwa limodzi ndi nyimbo, ndipo wina akangokweza foni mwangozi, mawu amasweka, timasipika ting'onoting'ono ta mawu akuthwa tija n'kupsa. Ndinati, "Iwe, foni ikhale pafupi ndi pamwamba, chokwezerachi chiloze cha m'ma 9 koloko ngati muvi wa wotchi. Pokweza ndi potsitsa ndi pano pokha." Akuti za masiku ano zili ndi ma watt ambiri. Koma ma watt ukawawirikiza kawiri umangowonjezera 3 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), pamene kuti khutu limve ngati mawu akwera kawiri pamafunika pafupifupi 10 dB, ndiye kuti mphamvu kakhumi. Sindikudziwa ngati anamva. Mwinanso ndinalankhula mokalipa kwambiri, mwana wa mlongo wanga anabwera ndi mtima wabwino.

Atapita ndinakhala ndekha pabalaza, nyali nditazimitsa. Ndinatsitsa mawu, n'kudina kabatani kolembedwa loudness. Khutu la munthu silimva bwino besi mawu akakhala otsika, ndiye kabatani kameneka kamaibwezeretsa. Bambo ankakadina usiku amayi akagona, iwo atakhala pampando wa pakona uja, kapu ya tiyi itazizira pansi.

Chokwezeracho chimati kwere kwere ukamachipotokola, fumbi la zaka zambiri, ndipo ukatsitsitsa mbali imodzi imayamba kuzimirira inzake isanathe. Pali mankhwala opopera oyeretsera mkatimo, amisiri a mawailesi amakhala nawo. Koma pamwamba pake pali pofufuka pomwe chala chawo chinkagwira, ndipo ndikuopa kuti ndikapereka kwa amisiri akangochotsa n'kuikapo china. Loweruka mphwanga akuti abweranso ndi nyimbo zake. Kaya ndimuyimbire mawa ndimupepese, kaya ndingodikira afike.