Achibale a pa nambala 14

Ine ndine wa kwa Banda, kwathu ku Dowa, ndiye mukudziwa kale kuti a Banda tili paliponse. Ku Zambia kuli a Rupiah Banda malemu ndi mtsikana wampira uja Barbra, ku Tete aliponso, agogo ankati a Phiri anatenga ufumu wa Kalonga ife a Banda n'kutsala ndi za mvula ku Msinja kwa Makewana. Ndiye nditasamukira mu fulati ina ku Leicester, ku Mangalande, n'kuona pa bokosi la makalata palembedwa "Banda, 14" mtima unangoti phaa, wakwathu uyu.

Ndinalemba kakalata m'Chichewa chakuya, odi achimwene, ndine mbale wanu wa pa 9, n'kukalowetsa pansi pa chitseko. Zii. Ndinati mwina manyazi, ndiye ndinakapachika pa chitsekopo kajumbo ka usipa umene mayi anandipatsira, usipa woti ineyo ndimadya mochita kuwerenga. Mawa lake jumbo palibe, zikomo palibe. Ndinapachikanso wina, ameneyonso anapita. Apa ndiye ndinayamba kudandaula pa gulupu kuti Amalawi ena akangokwera ndege basi matama.

Loweruka lina ndinavala dzilimbe n'kukagogoda, mawu nditakonzeratu. Chitseko kutseguka, mdala wachimwenye wa imvi zake atavala ngati chitenje m'chiuno. Ine pofunsa kuti a Banda alipo, iwo n'kudziloza pachifuwa. Ndinayang'ana nambala kawiri.

Kani mdalayo ndi wa ku Sri Lanka, mbali ya ku Kandy, ndipo akuti kumeneko Banda ndi dzina lakalekale la Asinhala, silikhudzana n'komwe ndi Achewa. Ndinati ndiwaopseze kuti kwathu Banda anali pulezidenti, iwo n'kuseka kuti nawonso anali naye, Dingiri Banda Wijetunga, analowa 1993 n'kutuluka 1994. Chaka chomwecho a Kamuzu analuza kwa a Muluzi, ndiye kuti 1994 inali yowawa kwa a Banda mbali zonse. Anawonjezera kuti ku Mexico aliponso ambirimbiri, ku Indonesia mpaka kuli zilumba za Banda, ine phee kumangogwedeza mutu uku ndikuganiza za usipa wanga.

Kalata ija akuti anaisunga poganiza kuti ndi ya atchalitchi. Koma usipa anauzindikira nthawi yomweyo chifukwa kwawonso amadya tinsomba touma tomweti, ankangoti ndi neba wachifundo. Akazi awo anabweretsa wotsalawo atakazinga ndi anyezi ndi tsabola, ine n'kudzitama kuti ndinakulira kambuzi. Abale inu, supuni imodzi yokha misozi mbwee, mamina, kutsokomola mpaka magalasi kugwera mu mpunga, mdala akungondimenya pamsana kwinaku akufunsa kuti jumbo ina ibwera liti.